Ndili ndi shuga koma ndikufuna kuyambiranso nsima, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Abale a pa Joni pano, ndithandizeni. Ndili ndi matenda a shuga, ndipo kuyambira chaka chatha ndili pa Banting: nsima ayi, mpunga ayi, buledi ayi. Shuga watsika ndithu, m'mawa amakhala pa 6. Koma ndatopa nazo. Nyama ndi mazira zakwera mtengo, lendi ku Rosettenville akwezanso, komanso alamu anga amandiseka kuti ndikudya kabichi ngati kalulu. Ndimagwira ntchito usiku, ndipo pafupi pamapezeka kota (buledi wothiramo tchipisi) ndi magwinya (mandasi a kuno) basi. Ndikufuna kuyambiranso nsima Lolemba. Zitheka?

Bambo Phiri, Turffontein: MUSAYEREKEZE! Ufa woyera wa m'mashopu muno ukangofika m'mimba umasanduka shuga. Tim Noakes, pulofesa amene anatchukitsa Banting kuno, wakhala akunena zimenezi kwa zaka zambiri. Ngati nyama yadula, gulani ziwindi za nkhuku, mapazi, pilchards za m'chitini. Mukufuna kudula mwendo chifukwa cha alamu?

Mayi Nabanda: Bambo Phiri, musamuopseze munthu. Inu ofunsa, mukumwa mankhwala ati? Metformin yekha, glimepiride, kapena mumabaya insulin? Nanga mutayamba Banting, a dokotala anakuchepetserani mlingo? Ngati anachepetsa, nsima ikabwerera shuga akwera msanga, ndiye mlingowo uyenera kuunikidwanso ku kiliniki. Musawonjezere nokha.

Che Yusufu: Alamuwo ndi amene ali ndi matenda, a pakamwa 😂

Anaphiri a ku Mayfair: Osayamba ndi katatu pa tsiku. Sabata yoyamba, nsima kamodzi kokha, mtanda umodzi wosaposa chibakera chanu. Theka la mbale likhale masamba, repu kapena chayinizi, mbali yotsala nyemba, nsomba kapena dzira. Yezani shuga musanadye, kenako pakapita maola awiri. Cholinga n'chakuti m'mawa akhale pakati pa 4 ndi 7, ndipo mukadya asapitirire 10. Akapitirira masiku angapo motsatizana, chepetsani mtandawo. Muzilemba manambala onse m'kope, n'zimene a dokotala adzafune kuona. Sikelo ikakwera ndi kilo imodzi kapena ziwiri sabata yoyamba musadabwe, ambiri mwa amenewo ndi madzi omwe thupi limasunga pamodzi ndi glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu.

Achimwene Banda: Gulani mabele (ufa wa mapira) kapena mgaiwa kwa anthu obwera ndi mabasi a kumudzi, nkhani yatha.

Bambo Phiri, Turffontein: Mgaiwa ndi chimanga chomwecho! Mwangousiyira gaga. Mabele nawonso ndi sitachi. Anthu inu mumakonda kunamizana.

Anaphiri a ku Mayfair: Apa pokha mwanena zoona, Bambo Phiri. Gaga amachedwetsako pang'ono, koma mitanda itatu ya mgaiwa ikweza shuga ndithu. Choopsa kwambiri pa nkhaniyi ndi kota: gawo limodzi mwa magawo anayi a lofu, n'kuthiramonso tchipisi. Kuntchito tengani nyemba, mazira owiritsa ndi mtedza. Thobwa, mageu ndi juwisi zisiyeni.

Mayi Nabanda: Nkhani ya usiku ndi imene ikundidetsa nkhawa. Metformin payekha sagwetsa shuga kawirikawiri, koma glimepiride ndi insulin yosakaniza ya 30/70 zimagwetsa mukadumpha chakudya. Mukamva kunjenjemera, thukuta ndi njala yadzidzidzi, yezani. Akatsika pansi pa 4, sungunulani masipuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, imwani, muyezenso pakatha mphindi 15. Ndipo pemphani HbA1c, kuyeza magazi koonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, pakatha miyezi itatu mutasintha kadyedwe.

Bambo Phiri, Turffontein: Taonani, tsopano akumumwetsa shuga weniweni!

Mayi Nabanda: Amenewo ndi a shuga akagwa, bambo. Werengani bwino.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mankhwala ndi mapiritsi oyera, ena aakulu ena aang'ono. Alamu aja awerenga zonsezi ndipo akwiya.

Mayi Nabanda: Oyera alipo ambirimbiri. Jambulani bokosi pomwe pali dzina ndi mamiligalamu, bisani dzina lanu, mutumize pano. Ndipo pitani ku kiliniki ndi mabokosi onse awiri Lolemba lisanafike.