Udzudzu ukaluma wodwala malungo, ungapatsire wina usiku womwewo?

Mayi wa ku Chibavi:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkulu, wa zaka 7, anamupeza ndi malungo Lolemba ndipo akumwa LA. Amagona pamphasa imodzi ndi mng'ono wake. Dzulo m'mawa ndikupinda neti ndinapezamo udzudzu utakhuta mpaka kulephera kuuluka, nditauphwanya chikhatho chinafiira magazi. Neti inabooka pakona, ine osaona. Kodi ngati unayamba kuluma wodwalayu kenako n'kuluma wamng'ono, ndiye kuti wamupatsira kale? Usiku wathawu tulo sindinatione.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Mayi, mtima m'malo. Udzudzu si jakisoni woti n'kutunga magazi apa n'kukathira apo. Umene umafalitsa malungo ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, ndipo kachilombo ka Plasmodium kamayenera kukula kaye m'thupi mwake.

Ukayamwa magazi a wodwala, tizilombo tambiri timagayika limodzi ndi magaziwo. Timene timapitirira ndi tatimuna ndi tatikazi tokha. Timakumana m'mimba mwa udzudzumo, ndipo pakatha pafupifupi tsiku limodzi, kamene kapangikako kamaboola khoma la mimba n'kukamatirira kunja kwake ngati kachotupa. M'kachotupa kamodzi mumaswana tizilombo masauzande. Kakaphulika, timasambira m'thupi mwa udzudzu mpaka kukalowa m'timatumba ta malovu. Ukadzaluma munthu umayamba walavulira malovuwo kuti magazi asaundane, ndipo tizilomboto timalowera pomwepo. Ulendo wonsewu umatenga masiku 10 mpaka 14, ndipo udzudzu wambiri umafa nthawiyi isanakwane. Ine mpaka lero zimandidabwitsa kuti matenda omaliza ana chonchi amadalira udzudzu wokalamba.

Koma chenjerani: udzudzu umenewo ukhoza kukhala kuti unatenga kale tizilombo kwa munthu wina masabata apitawo. Wamng'onoyo akangotentha thupi, thamangirani naye kuchipatala akamuyeze magazi tsiku lomwelo.

Bambo wa ku Luwinga:
Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezere za kuzizira. Kukazizira, kachilomboka kamachedwa kwambiri kukula, udzudzu n'kufa kasanafike m'malovu. N'chifukwa chake mu June ndi July kuno malungo amachepa, pamene kwathu ku Nkhata Bay, kunyanja kotentha, sapereka mpata. Koma musadalire chisanu cha Mzuzu. Ine ndinagonekedwa nawo mu February, mvula ili pakati, madzi atadikha m'dambo kuseri kwa nyumba.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo kwambiri nonse, mtima watsikako. Ndiye kuti wodwalayu naye asamagone kunja kwa neti, kuopa kuti udzudzu ungatenge kwa iye n'kudzagawira anzake?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Ndendende, mayi. Tatimuna ndi tatikazi tija timatha kutsalira m'magazi kwa masabata angapo mwana atachira kale, akusewera bwinobwino. Amalize mankhwala onse a masiku atatu, ndipo bowo lija mulisoke lero dzuwa lisanalowe.