Amayi athyoka fupa la m'chiuno, koma bwanji chithandizo chikusiyana ndi cha ena?

Abale, ndithandizeniko maganizo, makamaka inu azachipatala. Amayi anga a zaka 79 anaterereka m'bafa Lachiwiri. X-ray yaonetsa kuti fupa la ntchafu lathyokera pakhosi, pansi pa mutu wake umene umalowa m'chiuno, ndipo zidutswa zake zasemphana. Adokotala akuti achotsa mutuwo n'kuikapo wachitsulo, akuti hemiarthroplasty. Chondizunguza n'chakuti apongozi a mchimwene wanga, omwe amakhala chigawo china, anathyokanso chaka chatha, koma kumeneko anangowamanga ndi ma screw atatu basi. Ndiye ife opaleshoni yaikulu chonchi ndi yachiyani? Komanso pa msinkhu wawowu ndikuopa zowagoneka tulo. Sitingangodikira kuti lilumikizane lokha?

— Pepani ndi matendawa. Nkhani yagona pa kusemphanako. Mitsempha yopereka magazi ku mutu wa fupa imadutsa pakhosi pomwepo, ndiye fupa likasuntha imaduka, mutuwo n'kufa pang'onopang'ono. Mukamanga ndi ma screw, kawirikawiri munthu amabwereranso ku opaleshoni. Ma screw ndi a fupa lothyoka koma losasuntha, mwina la apongoziwo linali lotero.

— Kusiyana kwa madera kulipodi ndithu. Fupa likathyokera m'munsi pang'ono, pa trochanter, madokotala ambiri a ku America amalowetsa chitsulo m'kati mwa fupa, pomwe ku England malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo kumeneko, amakonda sliding hip screw (screw yaikulu yolumikizidwa ku chitsulo chomangidwa kunja kwa fupa) pa kuthyoka kosavuta. Zida zomwe chipatala chili nazo ndi zimene dokotala anazolowera zimalowererapo. Koma pa khosi losemphana mwa munthu wokalamba, ambiri amagwirizana zochotsa mutuwo. Kafukufuku wa HEALTH wa 2019 anayerekeza kusintha mutu wokha ndi kusintha mfundo yonse, ndipo pa zaka ziwiri chiwerengero cha obwereza opaleshoni sichinasiyane kwenikweni.

— Zodikirazo iwalani, chonde. Chimene chimapha okalamba ndi kugonera pabedi: chibayo, zilonda zam'mbuyo, magazi kuundana m'miyendo. NICE imati opaleshoni ichitike tsiku logonekedwa kapena mawa lake, ndipo wodwala aimirire mawa lake atachitidwa opaleshoniyo. Za tulo, funsani ngati angawabaye jakisoni wa pamsana, ambiri amachitidwa ali maso.

— Zikomo nonse, mtima watsikako pansi. Koma lero ndi Lachinayi, sanalowebe ku theatre. Amayi amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa cha mtima, kodi n'kutheka kuti ndi amene akuchedwetsa? Ndiwafunse chiyani adokotala akamazungulira m'mawa?