Impso za bambo tingaziteteze bwanji pa opaleshoni ya mtima?

Abale, ndithandizeniko, makamaka inu a zachipatala ndi amene munadwazikapo matenda a mtima. Bambo anga akudikira opaleshoni yosintha valavu ya mtima. Ali ndi shuga, BP ndi yokwera, ndipo adokotala akuti creatinine yawo (muyeso wa m'magazi wosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito) yakwera pang'ono.

Nkhawa yanga ili pa impso. Pa opaleshoniyi magazi amadutsa m'makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, ndipo munthu akakhalitsa pa makinawo impso zimatha kuvulala, ena mpaka kufika pa dialysis (kusefa magazi ndi makina).

Chikundisowetsa tulo ndi diclofenac. Bondo likangowawa, amamutulutsa m'thumba la jekete n'kumeza osafunsa munthu. Mankhwalawa, ngati ibuprofen, amapweteka impso. Asiye kutatsala masiku angati? Nanga enalapril (wa BP) ndi metformin (wa shuga), amamwa mpaka tsiku la opaleshonilo? Sindikufuna kuwasiyitsa ndekha, ndikufuna ndikafunse adokotala ndikudziwa chofunsa.

Adzawabayanso mankhwala a contrast (othandiza kuti mitsempha ioneke bwino) pojambula mitsempha ya mtima. Pamafunika kupita nthawi yotani asanalowe ku theatre? Akatuluka, ife owadwazika tiziyang'ana chiyani kupatula kuchuluka kwa mkodzo m'thumba lomwe amalumikiza ku kapaipi ka mkodzo?