Maziko pa dothi lamakande: ndithandizeni nzeru

Abale anga amene munamangapo nyumba zanu, ndithandizeni maganizo.

Ndikufuna kuyamba kumanga nyumba ya zipinda zitatu, koma malo anga ndi a dothi lamakande. Chilimwe limachita ming'alu yoti dzanja n'kulowa, dzinja limamata kukhasu ndipo madzi amadikha osalowa pansi. Mmisiri wina akuti tikumbe maziko mpaka tipeze dothi lolimba, tithire konkire ya 1:3:6 (muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala), basi. Wina akukanitsitsa. Akuti dothi lotere limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndiye popanda zitsulo m'maziko ndi ring'ibimu (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse) pamwamba, khoma lidzayamba kung'aluka m'makona a mawindo. Ine mtima wanga uli kwa wachiwiriyu, ngakhale zitsulozo zikukweza mtengo kwambiri. Inu amene munamanga pa dothi lotere, munachita bwanji, ndipo makoma anu ali bwanji pano?

Chinanso, ndalama zanga zimabwera pang'onopang'ono. Kodi ndingathire silabu, n'kuithirira madzi masiku 7 kuti ilimbe, kenako n'kuisiya idutse dzinja lonse ndisanakweze khoma? Ndikuopa kuti madzi angamakokolole dothi m'mbali mwa maziko.

Nanga mankhwala a chiswe amathiridwa nthawi iti, tisanayale pepala lapulasitiki loletsa chinyezi kapena pokumba pomwe?