Ngongole ya K450,000 ndi ulendo wa ku Nasrec

Amayi Tcheya: Mwaswera bwanji nonse a banki mkhonde yathu, pano pa gulu la pa foni. Ndimadikira kuti mubwereko kaye kutchalitchi. Kuyambira Lachisanu anthu akhala akundiimbira, ena kubwera mpaka kunyumba, nkhani yake imodzi. Sindikufuna tidzafike pa msonkhano wa Lachitatu mitima itatupa kale. A Mlembi, tiwerengereni zimene zili m'buku pa ngongole ya a DJ.

Mlembi: Zikomo Amayi. Pa 10 January a DJ anatenga K450,000. Masheya awo ndi K150,000, ndiye lamulo lakuti munthu asapitirire katatu pa masheya ake silinaphwanyidwe. Chiwongoladzanja ndi K10 pa K100 iliyonse pamwezi, kumaliza kubweza pa 10 April. Pa mzere wa cholinga ndinalemba zimene ananena okha, kugula mixer ya ntchito, makina osakanizira nyimbo. Anasaina, mboni yawo a Msungichuma. M'bokosi munatsala K38,000.

Mayi a Mapasa: Tsiku lomwelo ine ndinapempha K160,000 ya matumba awiri a urea. Munati ndidikire, ya geni iyambe chifukwa imabwerera msanga. Ndinavomera osadandaula. Lachisanu mwana wanga akundionetsa status ya a DJ pa foni, tikiti ya chikondwerero cha nyimbo ku Joni. Chimanga changa chafika m'mawondo, masamba ayamba chikasu. Mundiuze, mixer ija ndi imeneyi?

Anabanda: Ine ndinaiona status imeneyo ndisanadye nsima, njala inathera pompo. Ndalama zimenezi ndi za mandasi athu, za tomato wathu. Ife kudzuka 4 koloko kukazinga, wina akavinire ku Joni?

Amayi Tcheya: Anabanda, dekhani. Mwini wake ali pompano, ayankhule.

A DJ: Amayi Tcheya, makolo anga nonse, zikomo pondipatsa mpata. Tikiti ndagula, sindikukana. Koma mixer ndikagulanso. Kuno yatsopano mtengo wake sungafikike kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Msuweni wanga wa ku Turffontein, ku Joni konko, wandipezera yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino. Ulendo ndi umodzi, ndaphatikiza ziwiri.

Ndipo si dansi ya pabala ayi. Dzina lake ndi Ultra South Africa. Inayambira ku Miami mu 1999, ku South Africa inafika mu 2014. Imachitika tsiku limodzi ku Cape Town, lina ku Johannesburg, ndipo chaka chino cha 2024 ndi kumayambiriro kwa March. Ya ku Johannesburg imakhala ku Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi bwalo la FNB pomwe panaseweredwa fainolo ya World Cup mu 2010. Kumabwera ma DJ akuluakulu a dziko lonse, masiteji angapo nthawi imodzi, house, techno, amapiano. Ntchito yanga mukuidziwa, maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower. Masiku ano akwati safunanso munthu wongosintha nyimbo, akufuna wodziwa kulumikiza nyimbo osaduka, wodziwa kuika masipika kuti mawu afike kumbuyo kwa holo osaboola makutu a okhala kutsogolo. Zonsezi ndaphunzira pa YouTube pa foni. Ndikufuna kamodzi kokha ndikaime pomwe zikuchitikira ndimve ndi makutu anga. Black Coffee ndi DJ wa ku South Africa konko, anawina Grammy mu 2022. Ntchito imeneyi imadyetsa anthu.

Anabanda: Black Coffee ameneyo ali ndi masheya m'gulu muno?

Aphunzitsi: Ndiloleni ndilowepo. Achimwene, kuti ntchito yanu ndi yeniyeni palibe akutsutsa. Pa ukwati wa mwana wanga munaimba ndinu, anthu anachoka mdima utagwa. Nkhani ili apa ndi ina. Pa 10 January panali anthu awiri ofuna ndalama, bokosi lokwanira mmodzi. Gulu linasankha potengera zimene aliyense ananena. Inu munati mixer. Mukanati mixer ndi tikiti ndi basi, ndipo zonsezi mu March, ndikukhulupirira gulu likanati feteleza ayambe, inu mudzatenge mu February. Ndalama yakhala m'manja mwanu sabata yachitatu ino osagwira ntchito, pamene munda wa Mayi a Mapasa sungadikire. Urea akachedwa, chimanga chikangomasula ngaiyaye, ndiye kuti wapita pachabe.

Mayi a Mapasa: Ndi zimenezo Aphunzitsi. Ine sindikudana ndi nyimbo. Mvulanso chaka chino ikuchita kudukiza, ikangogwa ndiyenera kuthira tsiku lomwelo nthaka ikadali yonyowa. Ndikaphonya, mu May podzagawana inu mudzakhala mukuwerenga phindu, ine ndikuwerenga matumba ogula.

Msungichuma: Poti ndine mboni, ndiyankhe. Mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wanga, nonse mukudziwa. Za ulendo anandiuza. Ndinaona kuti poti mixer akagula komweko, palibe bodza. Ngongole zake ziwiri zam'mbuyo anabweza tsiku lisanakwane, onani m'buku.

Anabanda: Ndiye munkadziwa! Inu osunga kiyi, inu azakhali ake, inu mboni. Mayi a Mapasa akupempha pamaso panu, inu duu.

Msungichuma: Anabanda, makiyi a bokosi ndi atatu, ine ndimasunga bokosi lokha. Palibe tambala inatuluka mseri. Zonse zinawerengedwa pamphasa inu muli pomwepo.

Mlembi: Zoona, ndalama zinatuluka poyera ndipo ngongole ziwiri zija anabwezadi bwino. Komanso zoona n'zakuti a Msungichuma anali ndi mawu amene ife tinalibe.

Bambo a Mwayi: Ine nkhawa yanga ndi ina, ndipo ndiyankhula ngati munthu amene anakhalako ku Joni. Achimwene, njira imeneyi si ya ku Limbe. Mukachoka pa Blantyre mudutsa boda ya Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Pa Beitbridge pokha mutha kutaya theka la tsiku pamzere. Muwerengere masiku awiri kuti mufike pa Park Station, awiri obwerera. Njira yonseyo mukudya, ndipo kwacha siigwira ntchito mukangodutsa Mwanza. Ku Nasrec zinthu zimatha usiku kwambiri, simungayende wapansi kupita ku Turffontein, mufunika galimoto yolipira. Chakudya ndi madzi m'kati mwa zikondwerero zotere n'zodula. Miyezi imeneyi ku Johannesburg ndi ya mvula ya mabingu yamadzulo, jekete muikonzekere. Pobwera ndi mixer, pa Mwanza pali msonkho. Zonsezi mwaziwerengera?

Chachiwiri, ndipo musakwiye. Pasipoti ya Malawi amadinda masiku osapitirira 30 popanda visa. Ndaona anyamata ambiri akuti ndikungokaona, masiku 30 n'kutha, kapiki kaganyu kapezeka, basi atchona. Ukapitirira masiku amakuletsa kulowanso, chaka chimodzi, ukapitirira kwambiri zaka zisanu. Ena amathera ku Lindela, komwe amasungira anthu odikira kuwabweza kwawo. Mukapanda kubwera pa 10 April, gulu ligwira chiyani? Masheya anu ndi K150,000 yokha. K300,000 yotsalayo ndi ya anthu awa.

A DJ: Bambo a Mwayi, ndamva ndipo ndikuthokoza, zina mwa izi msuweni wanga sanandiuze. Koma kutchona ayi. Ndili ndi maukwati awiri mu April amene analipira kale theka. Mkazi wanga ndi mwana ali pompano. Tikiti ya basi ndigula yopita ndi kubwera.

Agogo Nangondo: Mdzukulu wanga akundilembera. Ndimafunsa, kuno kulibe zikondwerero? Ana anga ankapita kunyanja.

A DJ: Ziliko Agogo. Lake of Stars inayamba mu 2004 ku Chintheche, kulinso Sand Music. Koma zimenezo zimachitika cha mu September ndi October, ndipo zambiri ndi oimba ndi mabandi. Iyi ndi ya ma DJ okhaokha, zida zake ndi zimene ndikufuna kukaona.

Agogo Nangondo: Chabwino. Pita ukaone, koma upite ndi ndalama zoti ukagona tulo. Za mnzako wa chimanga zibwere.

Amayi Tcheya: A DJ, tiuzeni mosabisa, pa K450,000 paja patsala zingati ndipo zili kuti?

A DJ: K130,000 ndinatumiza kwa msuweni wanga, ndi ya tikiti. K120,000 ndinasintha kale, ndili ndi marandi, ndinafulumira poopa kuti akwera. K200,000 ili pa Mpamba.

Anabanda: Abweze yonse. Tikitiyo agulitse.

Aphunzitsi: Kubweza yonse sizingatheke lero, ndipo malamulo athu sakutero. Tsiku lake ndi 10 April. Tikamukakamiza athamangira kwa akatapila, tidzamutaya ndi ngongole yomwe. Maganizo anga ndi awa. Pa K200,000 ili pa Mpamba abweze K160,000 mawa, Mayi a Mapasa atenge. A Mlembi, masheya a mayiwa akulola?

Mlembi: Ali ndi K60,000, atha kutenga mpaka K180,000. Akulola.

A DJ: Aphunzitsi, ndikachotsa K160,000 ndiye mixer ndigula ndi chiyani? Ndiye ndikhaladi munthu wongopita kukavina, zomwe mukundinenazo.

Aphunzitsi: Muli ndi February yense. Mwezi umenewu anthu anayi akubweza, bokosi likhala ndi kanthu. Mudzapemphenso pamaso pa onse, kunena zonse, tikiti, basi, mixer, msonkho. Gulu likavomera, lavomera likudziwa.

Mayi a Mapasa: Ine zimenezo ndagwirizana nazo. Ndipo akadzapempha mu February sindidzatsutsa, bola feteleza wanga akhale ali m'munda.

Anabanda: Nanga chindapusa? Ine ndinachedwa mphindi khumi pa msonkhano munandidula K500. Uyu wabisa ulendo wathunthu.

Msungichuma: Lamulo la chindapusa pa cholinga cha ngongole mulibe m'buku. Musapange lamulo lero kuti ligwire wa dzulo.

Anabanda: Inu musayankhe nawo, nkhaniyi ikukukhudzani.

Amayi Tcheya: Onse awiri mwanena zoona. A Msungichuma, pa nkhani iyi mukhale chete mpaka tivote. Anabanda, chindapusa chimene sitinalembe sitingadule. Koma chiwongoladzanja cha January alipira pa K450,000 yonse, chifukwa ndalama inali kwa iye. A Mlembi, masamu.

Mlembi: Cha January ndi K45,000, chilipidwe pofika 10 February. Akabweza K160,000 mawa, ngongole itsala K290,000, chiwongoladzanja K29,000 pamwezi kuyambira February. Akadzatenganso ina, tidzawerengera payokha.

Bambo a Mwayi: Ndiwonjezere chikole. Masipika ake awiri aakulu aja akhale kwa Amayi Tcheya kuyambira tsiku lonyamuka mpaka atabwera. Pamene ali ku Joni sakuwagwiritsa ntchito.

A DJ: Amene amandithandiza uja amafuna aimbe nawo pa chinkhoswe Loweruka limene ine kulibe. Ndalama yake ndi yomwe ndimati ilipire chiwongoladzanja cha March.

Amayi Tcheya: Adzabwere kudzatenga kwa ine m'mawa, abweze madzulo, ndalama ya chinkhosweyo asiye kwa a Mlembi. Zikutheka?

A DJ: Zikutheka Amayi. K160,000 nditumiza mawa m'mawa. Nditumize kwa ndani?

Amayi Tcheya: Kwa a Mlembi, ndipo uthenga wa Mpamba muuike pano aliyense aone. Ndalama yochotsera ikhale yanu. Mayi a Mapasa, mubwere 9 koloko kwathu ndi mboni yanu, osunga makiyi awiri akhalepo, musaine m'buku. Sitidikira Lachitatu.

Mayi a Mapasa: Ndifika. Mboni yanga Anabanda, ngati avomera.

Anabanda: Ndavomera. Koma Lachitatu ndibweretsa mfundo ziwiri, zilembedwe pa ajenda. Wachibale asamakhale mboni ya wachibale. Ndipo amene wanena cholinga china n'kuchita china alipire chindapusa, tigwirizane kuti zingati.

Aphunzitsi: Yoyambayo ndiichirikiza. Yachiwiri ifunika kuiganizira bwino, chifukwa munthu atha kutenga ya tomato mwana n'kudwala usiku womwewo.

Anabanda: Za matenda tili ndi thumba la zadzidzidzi.

Aphunzitsi: Muli K21,000 mmenemo, Anabanda. Sikwana ngakhale galimoto yopita ku Queens usiku.

Mlembi: Ndalemba zonse ziwiri, ndawonjezera yachitatu yokweza chopereka cha thumba la zadzidzidzi. Lachitatu 2 koloko kwa Agogo Nangondo. A DJ, mubwere ndi pepala la ndalama zonse za ulendo, Bambo a Mwayi akuthandizeni kuwerengera za panjira.

Bambo a Mwayi: Achimwene, mundipeze Lachiwiri madzulo ku shopu. Mubwere ndi pasipoti ndione tsiku lothera.