Pasiwedi izibisika ndi timadontho kapena izioneka polemba?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kodi kubisa pasiwedi ndi timadontho pa fomu yolowera mu akaunti kumatetezadi, kapena kumangozunza anthu? Ambiri amalowa pa foni, amalakwitsa kangapo, kenako akaunti n'kutsekeka. Ndingotichotsa timadonthoti?

Yankho loyamba: Musatichotse achimwene, koma ikani kadiso pambali kuti munthu azitha kuona zimene walemba akafuna. Timadontho timateteza ku chinthu chimodzi chokha: maso a wina amene waima kumbuyo, kapena amene akuonera sikirini yanu pamsonkhano wa pa intaneti. Pasiwedi ikamapita ku seva (kompyuta yosunga webusaiti) imatetezedwa ndi HTTPS, njira yobisa uthenga kuti ena asauwerenge m'njira; timadontho tilibe nazo ntchito. Jakob Nielsen, katswiri woona kuti mawebusaiti akhale osavuta kugwiritsa ntchito, anadandaula kale mu 2009 kuti munthu akamalemba osaona amalakwitsa kwambiri, ndiye amathawira ku pasiwedi yaifupi yosavuta kuilosera. Nalonso bungwe la NIST la boma la America, loona za miyezo ndi umisiri, m'malangizo ake a SP 800-63B a 2017, linati wolemba azipatsidwa mwayi woonetsa pasiwedi yake.

Yankho lachiwiri: Kadisoko n'kabwino, koma ambiri amakapanga molakwika. Kamagwira ntchito posintha type="password" kukhala type="text" mu kodi ya fomu, ndipo mavuto amayambira pomwepo, chifukwa browser imayamba kuiona pasiwedi ngati mawu wamba. Kiyibodi ya foni ikhoza kukuza chilembo choyamba kapena kukonza mawu yokha, choncho ikani autocapitalize="off" ndi autocorrect="off". Musaiwalenso spellcheck="false". Mu 2022 ofufuza anapeza kuti chokonzera masipelo chapamwamba cha browser ya Chrome ndi Microsoft Editor ya mu browser ya Edge zinkatha kutumiza pasiwedi yoonetsedwa ku maseva a makampaniwo. Imeneyi si nkhani yaing'ono ayi.

Batani la kadisolo likhale type="button", apo ayi munthu akalidina fomu imatumizidwa asanamalize. Lipatseni aria-label (dzina lofotokoza batani) kuti osaona amene amagwiritsa ntchito screen reader, pulogalamu yowerenga mokweza zapasikirini, adziwe ntchito yake. Potumiza fomu, bwezerani type="password" kaye kuti browser isasunge pasiwedi pamodzi ndi mawu wamba amene imakumbutsa anthu. Komanso Edge ili ndi kadiso kakekake; mukapanda kukabisa ndi ::-ms-reveal mu CSS (kodi ya maonekedwe a tsamba) mudzaona timaso tiwiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga kabokosi kobwerezera pasiwedi potsegula akaunti, kakhalebe?

Yankho loyamba: Kadiso kakakhalapo, kobwerezako mukhoza kukachotsa, chifukwa ntchito yake inali kugwira zolakwika zimene munthu sakuziona. Koma chonde musaletse paste (kumata mawu okopedwa). Anthu ogwiritsa ntchito password manager (pulogalamu yosunga mapasiwedi) ndi amene ali ndi mapasiwedi olimba, musawavutitse. Ikani autocomplete="new-password" potsegula akaunti ndi "current-password" polowa, kuti password manager idziwe choti ilembemo.

Yankho lachitatu: Pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu ambiri, fomu iziyamba ili yobisa nthawi zonse, ndipo isakumbukire kuti wapitayo anadina kadiso. Onjezaninso kachenjezo ka Caps Lock, getModifierState("CapsLock") ya mu kodi ya JavaScript imakuuzani ngati yayatsidwa.