Thambo lang'ambika pakona ya kanjanji

aPhiri, wolemba zikwangwani:
Amisiri anzanga, ndigawireni nzeru. Kasitomala wina akumanga kanjanji kachitsanzo m'chipinda, sikelo ya HO, 1:87, kofanizira siteshoni ya Limbe. Ine ntchito yanga ndi kujambula thambo ndi mapiri kumbuyo kwake. Matebulo atsamira makoma awiri, ndiye mahadibodi amene ndikujambulapo akumana pakona penipeni. Ndinamatapo fila bwinobwino, koma mvula itangoyamba, mng'alu uwo, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Che Mussa, kalipentala:
Achimwene, fila alibe mlandu. Hadibodi imamwa chinyezi n'kufufuma, kukauma imabwerera, ndiye pakona pazing'ambika dzinja lililonse. Musalumikizirepo pamenepo. Tengani imodzi yathunthu ya 3 mm, munyowetse kumbuyo kokhakhalako ndi nsanza, igone usiku. M'mawa muipinde pang'onopang'ono ngati uta, rediyasi ya 45 cm kapena kuposa, kona isowe. Polumikizira pakhale pakhoma lowongoka, kathabwa kumbuyo, guluu ndi masikuluwu olowa mitu. Ikauma mupake andakoti mbali zonse ziwiri, osati kumaso kokha.

aPhiri:
Ndamva, Che Mussa. Koma bwanayo anakhomera kale njanji pafupi ndi kona. Malo otsala sakwana 45 cm.

Mayi Nkhoma, ojambula:
N'chifukwa chake thambo limayamba, njanji ndi tinyumba pambuyo. Komabe sizinaonongeke. Yendetsani bogi yaitali kuposa zonse pokhotapo, muone mmene ikutulukira kunja, mulembe ndi pensulo. Malo otsalawo akakhala ochepa, pakona pokhapo ikani lata losalala, limapindika mosavuta kuposa hadibodi. M'mphepete mwake musalaze ndi fila ndi sandipepa.

Za penti ndinenepo, bambo Phiri, poti inu munazolowera gilosi wa zikwangwani. Apa ayi, babu likayaka thambo lizinyezimira. Pakani penti wa PVA wosawala. Buluu wakuya pamwamba, muzionjezera woyera potsika, musakanize penti asanaume. Phiri la Ndirande lioneke lotuwa, lozimirira, popeza lili kutali. Mukalipaka girini wowala lifika pamphuno, sitima ioneka ngati chidole.

Che Mussa:
Komanso magetsi akhale pamwamba, chapafupi ndi khoma. Akachokera kutsogolo, tanki yamadzi iponya chithunzithunzi chake pamitambo.

aPhiri:
Zikomo akuluakulu. Ndikayesa bogiyo kaye. Lata la geji yanji, mayi?

Mayi Nkhoma:
Lopyapyala, loti mupinda ndi manja. Mulipake pulaima wa zitsulo kaye, PVA payekha amakakatuka.